Malamba a pa roll bar: muyezo umayambira pa phewa la woyendetsa

Pakati pa galimoto zimene anthu amadzipangira okha m'magaraja a kunyumba kwawo ku Britain, ku Australia, ku America ndi ku South Africa, imodzi mwa zimene zatengeredwa kwambiri ndi Lotus Seven, kagalimoto ka mipando iwiri kopanda denga kamene Colin Chapman anatulutsa mu 1957. Kampani ya Caterham inagula ufulu wopanga galimotoyi mu 1973, kampani ya Birkin inayamba kupanga yofanana nayo kufupi ndi Durban m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1996 Ron Champion analemba buku losonyeza mmene munthu wamba angawotcherere yekha chasisi, chimene ndi chimango chachitsulo chonyamula injini, matayala ndi mipando, kenako n'kuikamo zipangizo zochokera mu Ford Escort yakale pa mtengo wa £250 yokha. Galimoto zochokera m'bukuli zimadziwika ndi dzina loti Locost, ndipo bungwe la 750 Motor Club la ku Britain limakonzetsa mipikisano ya galimoto zimenezi. Popeza galimoto yotere ilibe denga, woipanga amaimika kumbuyo kwa mipando paipi yachitsulo yopindidwa ngati uta, yotchedwa roll bar, imene ntchito yake ndi kusiya mpata pakati pa mutu wa munthu ndi msewu galimoto ikagubuduzika. Popezanso ilibe mizati ya m'mbali imene galimoto za kufakitale zimamangirirapo lamba, malamba a m'mapewa amayenera kugwira pa roll bar yomweyo kapena pa chitsulo chapafupi nayo, ndipo apa ndi pamene ntchito yooneka yaing'ono imakhala yofunika kuposa injini yonse.

Malamba amene amaikidwa m'galimoto zotere si ofanana ndi lamba wogwira malo atatu amene Nils Bohlin anakonzera kampani ya Volvo mu 1959, amene amadutsa paphewa limodzi ndi m'chiuno ndipo amalola munthu kuweramira kutsogolo akafuna. Awa ndi malamba a mpikisano, otchedwa harness, amene amagwira malo anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi: awiri amatsika m'mapewa, awiri amachokera m'mbali mwa chiuno, ndipo mmodzi kapena awiri amakwera kuchokera pakati pa miyendo, onse n'kukumana pa loko imodzi pansi pa mchombo. Akamangidwa bwino sapereka mpata uliwonse, moti thupi ndi galimoto zimayenda ngati chinthu chimodzi, ndipo chifukwa cha ichi cholakwika chilichonse pa malo amene lamba wagwira chimafika pathupi la munthu chonse, popanda china chochichepetsa.

Kukula kwa mphamvu imene ikukambidwa pano kumaoneka ndi masamu osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu cholimba n'kuimiratu pa mtunda wa theka la mita, thupi la wokweramo limalemera ngati lachulukitsidwa pafupifupi ka 20, kotero kuti munthu wa makilogalamu 80 amakoka malamba ake ngati katundu wa makilogalamu 1,600 kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kuti thupi la munthu likhoza kupirira mphamvu yoposa pamenepa zinatsimikizika pa 10 Disembala 1954, pamene John Paul Stapp, dokotala wa gulu lankhondo la mumlengalenga la America, anakwera ngolo yokankhidwa ndi maroketi ku Holloman m'chigawo cha New Mexico, ndipo poima mwadzidzidzi anapirira mphamvu yochulukitsa kulemera kwake ka 46 n'kutsikamo wamoyo. Chimene chinam'pulumutsa chinali chakuti malamba ake anagawa mphamvuyo pa mafupa olimba a thupi, ndipo zitsulo zimene anamangirirapo sizinasunthe. Bungwe la FIA, limene limayang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse, linalemba kwa zaka zambiri m'Gawo 253 la malamulo ake otchedwa Appendix J kuti malo aliwonse ogwira lamba wa paphewa kapena wa m'chiuno ayenera kupirira ma daN 1,470, kumene kuli ngati kupachikapo tani imodzi ndi theka, kuti malo ogwira lamba wa pakati pa miyendo apirire ma daN 720, ndiponso kuti malamba awiri akagwira pa bawuti imodzi ziwerengero zawo ziphatikizidwe.

Komabe kulimba kwa chitsulo ndi funso lachiwiri. Loyamba ndi lakuti lamba achoke paphewa kulowera kuti, ndipo yankho lake silipezeka pa chasisi koma pa thupi la munthu amene adzayendetse galimotoyo. Lamba wa paphewa amakwera kuchokera pa loko, amapinda pamwamba pa phewa, kenako amalowera kumbuyo kukagwira pachitsulo. Ngati chitsulocho chili m'munsi kwambiri, lamba akamakoka pa ngozi saletsa thupi kupita kutsogolo kokha ayi, amakanikiziranso phewa pansi, ndipo mphamvu imeneyo imatsikira mu msana n'kupanikiza mafupa ake wina pa mnzake mpaka ena kuphwanyika. Mlingo wa kupanikizaku umadalira kupendekeka kwa lamba. Akatsika ndi madigiri 10 kuchokera pa mzere wopingasa wa phewa, gawo lokanikiza pansi limakhala pafupifupi magawo 17 mwa 100 aliwonse a mphamvu yonse ya lambayo, koma akatsika ndi madigiri 45 limafika pa magawo 71. N'chifukwa chake malamulo a FIA aja, ngakhale analola kupendekeka mpaka madigiri 45, analimbikitsa madigiri 10, ndipo makampani ambiri opanga malamba ndi zotetezera khosi amalangiza kuti lamba asatsike kupitirira madigiri 20. Kulakwira mbali inayo kulinso ndi vuto lake, chifukwa lamba wogwira pamwamba pa phewa sathanso kusunga munthu pampando galimoto ikatembenuzika matayala m'mwamba, ndipo thupi limatsetserekera kumsewu mpaka mutu kupitirira pa roll bar imene imati iuteteze.

M'galimoto ya mtundu wa Seven vutoli limabwera lokha chifukwa cha mapangidwe a chasisi. Kumbuyo kwa mipando kuli chitsulo chopingasa chimene chili pafupi, chosavuta kufikapo ndi makina owotcherera, ndipo wopanga galimoto amakopeka kuikapo malamba pomwepo. Kwa munthu wamfupi wokhala pa mpando wotsika, chitsulochi chikhoza kukhala pa msinkhu woyenera, koma kwa munthu wamtali, kapena mpando ukakwezedwa ndi njanji zousunthira kutsogolo ndi kumbuyo, mapewa amatulukira pamwamba pake ndi masentimita angapo, ndipo popeza mtunda wa pakati pa phewa ndi chitsulo ndi waufupi, masentimita ochepawo amasanduka madigiri ambiri. Phewa likakhala pamwamba ndi masentimita 10 ndipo chitsulo chili kumbuyo ndi masentimita 10, lamba watsika kale ndi madigiri 45. Njira yolondola ndi kuwonjezera paipi ina yopingasa pakati pa miyendo iwiri ya roll bar, pa msinkhu woyezedwa ndi phewa, kuti malamba azigwira pamenepo.

Kuyezako kumafuna kuti zinthu zichitike mwa dongosolo limene anthu ambiri amalitembenuza. Mpando weniweni umene udzagwiritsidwe ntchito umayamba wamangidwa pamalo pake ndi mabawuti ake onse, osati kungoukhazika pa matabwa. Woyendetsa amakhalapo atavala chisoti cholimba chimene adzavale pa mpikisano, manja ali pa chiwongolero ndipo mapazi ali pa mabuleki ndi pa kilatchi, msana utatsamira monga udzatsamire malamba akamangidwa. Womuthandiza amagoneka chitsulo chowongoka pamwamba pa phewa, n'kuika levulo pamwamba pake mpaka kathovu kaima pakati pa timizere, kenako amalemba ndi choko pa mwendo wa roll bar pamene chitsulocho chaloza. Kuchokera pa chizindikiro chimenecho amatsika pang'ono malinga ndi mtunda wofika paphewa, pafupifupi masentimita atatu ndi theka pa masentimita 20 aliwonse ngati akufuna madigiri 10, ndipo amakumbukira kuti lamba wokulungidwa pa paipi amachokera pamwamba pa paipiyo, osati pakati pake. Pa nthawi yomweyo amayezanso mpata wa pakati pa chisoti ndi nsonga ya roll bar, umene malamulo a mipikisano ku Britain amafuna kuti usachepere masentimita asanu. Ngati galimoto idzayendetsedwa ndi anthu awiri osiyana kwambiri msinkhu, chilungamo chake n'chakuti paipi imodzi singawakwanire onse, ndipo ndi bwino kusintha kukwera kwa mpando wa wamfupiyo kusiyana ndi kusankha msinkhu wapakati umene sukwanira aliyense.

Mipando ya mpikisano imakhala ndi mabowo awiri kumtunda kwa chotsamira odutsiramo malamba, ndipo mabowowa amanyenga anthu ambiri. Ntchito yawo ndi kupereka njira basi. Lamba ayenera kudutsamo osakhudza m'mphepete mwake, chifukwa akapinda pa bowo la mpando ndiye kuti mpando wa faiba kapena wa aluminiyamu wopyapyala ndi umene ukunyamula mphamvu imene inayenera kupita pa chitsulo, ndipo ukasweka lamba amakhwepa pa nthawi imene amafunika kukhala wothina koposa. Ngati mapewa a woyendetsa ali pamwamba pa mabowowo, mpandowo si wake, ngakhale utakhala wokongola chotani.

Boma la Britain lili ndi muyezo wakewake pa nkhaniyi. Galimoto yodzipangira singalandire nambala yoyendera pamsewu isanayesedwe pa mayeso otchedwa IVA, amene analowa m'malo mwa mayeso akale a SVA mu 2009 ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la boma la DVSA. Woyesa amaika pampando kathabwa kotalika mamilimita 136 ndi kokwera mamilimita 53, atakatsamiritsa pa chotsamira, ndipo kuchokera pa nsonga yake yakutsogolo amayeza ngati malo ogwira lamba wa paphewa ali pamwamba ndi mamilimita osachepera 450. Lamuloli lakakamiza opanga galimoto ambiri kukweza malo ogwira malamba, ndipo pamenepo lachita zabwino, koma liyenera kumvedwa monga malire a pansi okha. Kathabwa sikadziwa kutalika kwa msana wa mwini galimoto, kotero galimoto ikhoza kupambana mayeso a boma koma malamba ake n'kukhalabe otsika kwa munthu wamtali amene adzakhalemo tsiku ndi tsiku.

Msinkhu ukapezeka, funso la chitsulo limayamba. Malamulo a FIA anatchula kuti paipi yopingasa yogwira malamba ikhale yosachepera mamilimita 38 m'mimba mwake ndi khoma lochindikala mamilimita 2.5, kapena mamilimita 40 ndi khoma la mamilimita awiri, ndipo ikhale ya chitsulo chopanda msoko chokokedwa chili chozizira, chimene ogulitsa amachitcha CDS, chopirira ma N 350 pa milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Paipi wamba imapangidwa popinda lata n'kuliwotcherera m'litali mwake, ndipo msoko umenewo umaoneka munthu akasuzumira mkati, pamene paipi yopanda msoko imakhala yofanana mphamvu kuzungulira konse. Mfundoyi ikukhudzanso amisiri a kuno kwathu, chifukwa mipikisano ya rally ya ku Zambia, imene kwa zaka zambiri inali m'gulu la mipikisano ya Africa pansi pa FIA, imatsata malamulo omwewa, ndipo mmisiri wa ku Lusaka kapena ku Blantyre amene wapemphedwa kupinda roll bar ayenera kukana paipi ya madzi yopakidwa zinki, ngakhale imapezeka mosavuta ndipo imaoneka yolemera. Sinapangidwire ntchito imeneyi, ndipo utsi wa zinki poiwotcherera umadwalitsa wowotchererayo.

Kumanga lamba pa paipi kuli ndi njira ziwiri zikuluzikulu, ndipo yosavuta ndi imene ili yabwino koposa pamene malo alola. Lamba amakulungidwa pa paipi n'kubwerera mu kachitsulo ka mipata iwiri komangira, ndipo pamenepa palibe bowo, palibe bawuti, palibe chowotcherera chimene chingathyoke, komanso mphamvu imagawika pa m'lifupi monse mwa lamba, amene nthawi zambiri amakhala mamilimita 75. Zolakwika za njirayi ndi ziwiri, ndipo zonse zimaoneka ndi maso. Choyamba ndi kuiwala kubweza nsonga ya lamba kachitatu pamwamba pa kachitsulo kaja kuti idzitsekere yokha, n'kutsala yaitali masentimita osachepera 10, chifukwa lamba wosabwezedwa amaoneka wogwira akakokedwa ndi manja koma amapulumuka akakokedwa ndi tani. Kachitsuloko kayeneranso kukhala pafupi kwambiri ndi paipi. Chachiwiri ndi kusaika zotchinga zoletsa lamba kutsetsereka m'mbali, zimene zikhoza kukhala timphete tomangidwa pa paipi kapena timawaya tochindikala towotcherera mbali zonse za lamba. Malamba awiri a m'mapewa akatalikirana amavuka paphewa, kotero ayenera kumayandikirana pamene akulowera kumbuyo, ndipo paipi ikakhala kutali kwambiri amapingasitsidwa.

Njira yachiwiri ndi ya mabawuti, ndipo ndi imene imafuna luso. Kuboola paipi n'kulowetsamo bawuti basi ndi kulakwa kawiri, chifukwa bowo limachotsa chitsulo pamalo pamene paipi idzapindike kwambiri, ndipo kumanga nati kumafinya makoma awiri a paipiyo mpaka kuiphwatalala. Choyenera ndi kulowetsa m'bowomo kachitsulo kochindikala kokhala ndi mazinga mkati, kodutsa makoma onse awiri, n'kukawotcherera kuzungulira konse pamwamba ndi pansi, kuti kabwezeretse mphamvu imene bowo linachotsa. Kachitsuloka kakhale ndi mutu wotambalala ku mbali imene lamba sakukokerako, kuti ngakhale chowotcherera chitalephera mutuwo ukodwe pa paipi m'malo mosololoka. Ena amawotcherera timakutu tachitsulo pa paipi m'malo moboola, zimene zili zololeka ngati khutulo laloza kumene lamba adzakokere, chifukwa chowotcherera chimapirira bwino mphamvu yoyenda motsata utali wake koma chimang'ambika msanga chikamakanulidwa kuchokera kunsonga imodzi.

Bawuti yodziwika pa malamba padziko lonse ndi 7/16 UNF, imene m'mimba mwake ndi mamilimita 11.1 ndipo ili ndi mazinga 20 pa inchi iliyonse, ndipo FIA inalolanso M12 ya mlingo wa 8.8. Nambala ya 8.8 imadindidwa pamutu pa bawuti, ndipo ikutanthauza kuti chitsulocho chimaduka chikafika pafupifupi ma N 800 pa milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, koma chimayamba kutamuka osabwerera pa magawo 80 mwa 100 a mlingo umenewo. Bawuti yopanda chidindo chilichonse siyenera kuyandikira lamba. Palinso msampha wa mazinga, chifukwa bawuti ya 7/16 imatha kulowa pang'ono mu nati ya mtundu wina n'kumveka ngati yagwira, pamene yangogwira pa nsonga za mazinga zimene zidzasololoka zikakokedwa. Pamene lamba ali ndi kachitsulo kophwatalala kumapeto kwake, pamaikidwa kawashala kokhala ndi khosi kuti kachitsuloko kathe kuzungulira n'kuloza kumene mphamvu ikuchokera ngakhale bawuti itamangidwa zolimba. Pamene pagwiritsidwa ntchito bawuti ya mphete kumutu yokolekapo ngowe, mpheteyo iloze kumene lamba akupita, ndipo ngati yaima mopingasa itamangidwa, imakonzedwa powonjezera mawashala opyapyala, osati poimasula pang'ono. Ngowe nayonso imatsekedwa ndi kapini kuti isatseguke yokha.

Zonsezi n'zopanda ntchito ngati roll bar yeniyeniyo ingagwe kutsogolo. Anthu ambiri amaiganizira monga chitsulo chonyamula kulemera kwa galimoto kuchokera pamwamba, koma ikapatsidwa malamba imayamba kukokedwanso kutsogolo, pamsinkhu wokwera, ndi mphamvu ya anthu awiri nthawi imodzi. Zimene zimailetsa kugwa ndi mapaipi awiri oichirikiza otsikira kumbuyo, ndipo pamene atsikirapo payenera kukhala pa mfundo yolimba ya chasisi, pamene zitsulo zingapo zakumana, osati pakati pa kachitsulo kochepa konyamula thanki ya mafuta. Chasisi ya Locost imapangidwa kwambiri ndi mapaipi a ngodya zinayi a mamilimita 25 okhala ndi khoma la mamilimita 1.6 okha, ndipo khoma lopyapyala chotero silingalandire tani pa malo aang'ono. Pa chifukwa chomwechi malamulo a FIA anafuna kuti pansi pa malo aliwonse atsopano ogwira lamba paikidwe chitsulo chophwatalala chochindikala mamilimita atatu ndi chotambalala masikweya sentimita osachepera 40, ndiponso kuti phazi lililonse la roll bar lomangidwa ndi mabawuti likhale pa chitsulo cha masikweya sentimita 120 ndi mabawuti atatu a M8. Wopanga galimoto wanzeru amatsata njira ya mphamvuyo ndi chala, kuyambira pa lamba, kudutsa pa paipi yopingasa, kutsika ndi miyendo ya roll bar mpaka mu chasisi, ndipo pamene chala chafika pa chitsulo chowonda kapena pa chowotcherera cha mbali imodzi, pamenepo ndi pamene padzathyoke.

Kuwotcherera kwenikweniko sikufuna mawu ambiri koma kumafuna kudzichepetsa. Nsonga za paipi yopingasa zimasemedwa kuti zikumbatire mwendo wa roll bar popanda mpata, utoto ndi dzimbiri zimachotsedwa mpaka chitsulo kuwala, ndipo chowotcherera chimazungulira konse, kuphatikizapo kumbuyo kumene dzanja limavutika kufika. Chisapalidwe ndi girenda kuti chioneke chosalala, chifukwa kutero ndi kuchotsa chitsulo chimene chikugwira ntchito komanso kubisa umboni wa mmene chinawotchereredwera. Munthu amene waphunzira kuwotcherera pa galimoto yomweyi sachita manyazi akapereka mfundo zochepa zimenezi kwa mmisiri wozolowera makina a MIG kapena TIG, ndipo ndi bwino kujambula zithunzi utoto usanapakidwe, kuti woyesa adzathe kuona zimene utoto waphimba.

Malamba a m'chiuno ndi a pakati pa miyendo sagwira pa roll bar, koma kulephera kwawo kumawononga ntchito yonse ya a m'mapewa. Lamba wa m'chiuno ayenera kugona pa mafupa a chiuno, osati pamimba, ndipo amatero akatsika kuchokera m'chiuno ndi madigiri a pakati pa 45 ndi 65 n'kugwira pafupi ndi mpando. Vuto la malamba ogwira malo anayi okha n'lakuti a m'mapewa akamakoka amakweza loko kuichotsa pa mafupa n'kuipititsa pamimba, ndipo thupi limalowa pansi pa lamba miyendo ili patsogolo. Jochen Rindt, woyendetsa galimoto za Formula One, anamwalira mwa njira imeneyi pa 5 Seputembala 1970 ku Monza, pamene Lotus 72 yake inagunda chotchinga pa nthawi yoyeserera. Sankamanga malamba a pakati pa miyendo pofuna kuti azitha kutuluka msanga moto ukabuka, ndipo anatsetserekera pansi mpaka malamba anamuvulaza pakhosi. Anapatsidwa ukatswiri wa dziko lonse wa Formula One wa chaka chimenecho atamwalira kale. Aliyense wowotcherera malo a malamba m'galimoto yatsopano alibe chifukwa chosiyira malo a pakati pa miyendo, popeza pa nthawi imeneyo pansi pa galimoto pamakhala pali poyera ndipo ntchitoyo ndi yochepa.

Imfa ina, ya Dale Earnhardt pa mpikisano wa Daytona 500 pa 18 Febuluwale 2001, inaphunzitsa zinthu ziwiri zokhudza nkhaniyi. Lamba wake wa m'chiuno wa kumanzere anapezeka ataduka, ndipo lipoti limene bungwe la NASCAR, loyendetsa mpikisanowo, linatulutsa mu Ogasiti chaka chomwecho linafotokoza kuti lambayo anakwinyikira mbali imodzi ya kachitsulo kosinthira utali wake, kotero kuti mphamvu yonse inagwera pa ulusi wa m'mphepete n'kuyamba kung'ambika kuchokera pamenepo. Lamba amakhala ndi mphamvu zake zonse pokhapokha akakokedwa mowongoka, ndipo ichi ndicho chifukwa cha kulimbikira konse kuja pa mawashala a khosi ndi mphete zoloza koyenera. Chachiwiri chinali cha khosi. Earnhardt anafa ndi kusweka kwa tsinde la chigaza, kumene kumachitika thupi likaimitsidwa zolimba pamene mutu wolemedwa ndi chisoti ukupitirira kutsogolo. Chipangizo cha HANS, chimene Robert Hubbard ndi Jim Downing anakonza m'zaka za m'ma 1980, chimakhala pamapewa pansi pa malamba ndipo chimagwira chisoti ndi tizingwe. NASCAR inalamula zotetezera khosi mu Okutobala 2001 ndipo Formula One inalamula HANS mu 2003. Chipangizochi chimagwira ntchito chifukwa malamba amachikanikiza, choncho chimakweza pang'ono pamene lamba amapindira ndipo chimafuna kuti malamba asatalikirane, zimene zikutanthauza kuti wofuna kudzachigwiritsa ntchito achivale pa tsiku loyeza msinkhu wa paipi.

Pali mbali ina imene okonda galimotozi sakonda kuimva, yakuti malamba a mpikisano anakonzedwa kuti azigwira ntchito pamodzi ndi zinthu zina, ndipo pamsewu wamba zinazo sizikhalapo. Woyendetsa wa pamsewu savala chisoti, ndipo mutu wake uli masentimita ochepa kuchokera pa paipi yachitsulo, moti kugundidwa kumbuyo pang'ono kukhoza kuumenyetsa pa paipi yopingasa ija ngati mpando ulibe chotsamira mutu chokwanira. Siponji yofewa yokutira mapaipi a madzi siteteza kanthu, ndipo chofunika ndi chokutira cholimba choyesedwa pa muyezo wa SFI 45.1 kapena FIA 8857-2001. Munthu womangidwa zolimba sathanso kuwerama kuti aone bwino pa mphambano, ndipo chimene chimachitika n'chakuti amakhwefula malamba, n'kukhala wosatetezeka kuposa wovala lamba wamba wa malo atatu. Pa galimoto imene moyo wake wonse udzakhala wa pamsewu, lamba wamba wodzikulunga yekha, womangidwa pa malo olimba ndi okwera mokwanira, ndi chisankho choyenera kulemekezedwa.

Lamba nayenso amakalamba, makamaka m'galimoto yopanda denga imene dzuwa ndi mvula zimaigwera mwachindunji, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumafooketsa ulusi wa nayiloni ndi poliyesitala ngakhale usanayambe kuoneka wotha. Malamba ovomerezeka ndi FIA, pa muyezo wakale wa 8853/98 kapena watsopano wa 8853-2016, amaloledwa pa mpikisano zaka zisanu kuchokera chaka chimene anapangidwa, pamene a muyezo wa SFI 16.1 wa ku America amapatsidwa zaka ziwiri, ndipo chaka chothera ntchito chimalembedwa pa kansalu kosokedwa pa lamba aliyense. Popeza kupanga Locost m'garaja ya kunyumba kumatenga zaka, wogula malamba kumayambiriro kwa ntchito amapeza kuti gawo la nthawi yawo latha ali m'katoni, choncho poyeza msinkhu ndi mtunda akhoza kubwereka malamba akale a mtundu womwewo, n'kugula atsopano galimoto ikatsala pang'ono kuyenda. Lamba amene wakhalapo pa ngozi yaikulu amatayidwa pamodzi ndi mabawuti ake, ndipo paipi yopingasa imayezedwa ndi chitsulo chowongoka kuti zioneke ngati yapindika, malo owotcherera n'kupalidwa utoto kuti ming'alu ifufuzidwe galimoto isanabwerere pamsewu.